Alendo Olipira Kuti Alire

(Mwezi wa Okutobala, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, chakufupi ndi Livunzu m'boma la Chikwawa. Dzuwa lafika poti nkhuku zangoyasama kunsi kwa nkhokwe. Agogo ali pamphasa pansi pa mango, akutong'ola chimanga cha kudimba. Mdzukulu wawo, amene wangomaliza kumene maphunziro a zokopa alendo ku Mzuzu University, watsika pakabaza kuchokera pa Thabwa, fumbi mpaka m'nsidze, chikwama cha laputopu kumsana.)

AGOGO: Mwamuna wanga uja wafika! Koma ndiye wandichedwera. Amuna akhala akundifunsira kuno, ine n'kumakana, ndimvekere wanga ali kusukulu. Tsono wanditengera chiyani? Chitenje?

MDZUKULU: Chitenje chibwera ndikayamba ntchito, agogo. Lero landirani kaye ichi.

AGOGO: Kabotolo. Zaka zinayi ku Mzuzu, mbuzi zanga zinathera fizi, munthu n'kubwerako ndi kabotolo ka tsabola.

MDZUKULU: Mwakazindikira?

AGOGO: Umandiyesa wa kutchire iwe? Si Nali ameneyu? Amakhala pa chiwaya pa Dyeratu paja, anyamata amathira pa tchipisi. Apa alemba kuti "Abale samalani." Sukulu ya kwacha ndinalowa ine, usandione chonchi.

MDZUKULU: Ndiye mwandichepetsera ntchito. Kabotolo kameneka anakayambitsa Mmalawi mnzathu, bambo Alford Nalilo Khoromana, m'zaka za m'ma 1970. Kwawo n'kumtunda konkuno ku Thyolo, mapiri mukuwaonawa. Lero kamadziwika mpaka kunja. A Malawi a ku Joni ndi ku Ulaya akabwera kudzaona abale, pobwerera amakalongedza m'sutikesi pamodzi ndi usipa. Agogo, m'kabotolo kameneka muli bizinesi yathu.

AGOGO: Yathu bwanji, fakitale ili ndi eni ake?

MDZUKULU: Ife sitipanga tsabola ayi. Ife tizibweretsa anthu odzaona.

AGOGO: Kudzaona chiyani? Wadwala ndani?

MDZUKULU: Palibe wadwala. Ndi zimene ndinaphunzira zija, zokopa alendo. Ndikupatseni chitsanzo. Tili kusukulu tinapita ku Satemwa, esiteti ya tiyi ya ku Thyolo yomwe inayamba mu 1923. Tinalipira, n'kutiyendetsa m'munda, kutionetsa kathyoledwe kake, masamba awiri ndi kansonga. Kenaka anatindandalikira makapu a tiyi wamitundumitundu kuti tilawe. Umatapa pa sipuni, n'kupsontha mwamphamvu, fyuu! Akatswiri enieni sameza n'komwe, amalavula.

AGOGO: Kulavula tiyi? Wothira shuga?

MDZUKULU: Wopanda shuga, wopanda mkaka.

AGOGO: Aa, n'chifukwa chake. Koma tamvera. Agogo ako aamuna anathyola tiyi kumtundako ali mnyamata, dengu kumsana, mvula ili pamutu. Iwo ankalipidwa kuti alowe m'munda wa tiyi, ndipo ankabwera akudandaula kuti n'zochepa. Iwe walipira kuti ulowemo, ndipo wabwera mano ali pamtunda. Akanakhala moyo akanakutengera kwa sing'anga.

MDZUKULU: Dziko linasintha, agogo. Munthu amene moyo wake wonse amangoona chinthu chili m'paketi amafuna kuona kumene chimachokera, ndipo amalipira. Za tsabola zilipo kale kwina. Ku America, m'chigawo cha Louisiana, kuli malo otchedwa Avery Island. Kumeneko banja la McIlhenny lakhala likupanga tsabola wa m'botolo wotchedwa Tabasco kuyambira 1868. Anthu amachoka kutali, kugula tikiti, n'kumayenda m'fakitale akusuzumira pagalasi mabotolo akudutsa pamakina, antchito ali jijirijijiri.

AGOGO: Kuno woyimirira n'kumayang'ana anzake akugwira ntchito timamutcha kapitawo, ndipo wolandira zambiri amakhala iyeyo. Kumeneko kapitawo ndi amene amalipira?

MDZUKULU: Amalipira, mokondwa. Amawaonetsanso mosungira. Tsabola akamuthyola amamupera, kumuthira mchere, n'kumutsekera m'migolo yamatabwa momwe kale munkakhala mowa wa wisiki. Pamwamba pa chivundikiro amaunjikapo mchere wina. Amakhala m'menemo mpaka zaka zitatu. Akamutulutsa m'pomwe amathira viniga n'kusefa.

AGOGO: Zaka zingati?

MDZUKULU: Zitatu.

AGOGO: Bwera mbali ino, khutu ilo ndi logontha. Wati zingati?

MDZUKULU: Zitatu, agogo.

AGOGO: Paja pa Khirisimasi ija, nditakulangiza za mtsikana wa zikhadabo zazitali uja, unandiyankha kuti chiyani?

MDZUKULU: Aaa, agogo, zakale zimenezo.

AGOGO: Unati tsabola wakale sawawa. Pamaso pa amalume ako, pamaso pa ana. Ine ndinangoti laponda lamphawi. Lero ndiwe wemwe watsika phiri kudzandiuza kuti azungu amasunga tsabola zaka zitatu, akalambe kaye, n'kumamugulitsa modula. Pitiriza, mwamuna wanga, nkhani yako yayamba kundikomera.

MDZUKULU: Ndinangolankhula mwambi basi.

AGOGO: Nanga mtsikanayo ali kuti?

MDZUKULU: Tibwerere ku tsabola. Kumeneko othyola amapatsidwa kamtengo kopakidwa utoto wofiira. Amakayandikiza pa tsabola, akafanana mtundu ndiye kuti wapsa, athyole.

AGOGO: Munthu wa maso awiri kufuna kamtengo kuti adziwe tsabola wakupsa! Akadzafuna kudziwa ngati mwana ali ndi njala ndiye kuti amatenganso kamtengo kena?

MDZUKULU: N'kufuna kuti botolo lililonse lifanane ndi linzake, kaya mwagula chaka chino kaya chamawa. Komanso malowo ali pamwamba pa chiphiri cha mchere chokwiririka pansi. Ankakumba mcherewo, ndipo alendo amauzidwa nkhani yake.

AGOGO: Mchere wa pansi ndiye wakudabwitsa? Chigwa chino chinkadyetsa mchere anthu a kumapiri iwe usanaganiziridwe n'komwe. Amayi anga ankapita kumalo komwe dothi limatuwa pamwamba m'chilimwe, n'kumapala ndi khasu pang'onopang'ono, osazamitsa. Dothilo ankaliika mumphika wobowola kunsi, atayalamo udzu, n'kuthira madzi kuti azitcheza monga timachitira chidulo. Madzi odonthawo ndiwo ankawaphika tsiku lonse, nkhuni zikupita, maso akulira utsi, mpaka kunsi kwa phale kutatsala mchere. A kumtunda ankatsika ndi chimanga kudzasinthitsa. Palibe anabwera ndi tikiti kudzawaonerera amayi anga. Ankangonena kuti mcherewo wachepa.

MDZUKULU: Mwaona! Nkhani ngati imeneyo ndiyo alendo amafuna. Mukadzawafotokozera chomwecho adzatulutsa ndalama.

AGOGO: Tsono iwe kumeneko unakwera ndege? Unadyako chiyani?

MDZUKULU: Kupita kwenikweniko... sindinapite. Ndinaonera pa YouTube. Zinabweranso pamayeso.

AGOGO: O-o. Ndiye tonse tili pamphasa imodzi. Ine ndimayesa ndikulankhula ndi munthu woti anapondako. Tenga chitsononkho ichi uzitong'ola uku ukunama.

MDZUKULU: Si bodza, agogo, zinalembedwa. Ndipo chokoma kwambiri sindinanene. Ukatuluka m'fakitale umalowa m'munda wa maluwa ndi mitengo wotchedwa Jungle Gardens, maekala 170. Muli nsungwi, muli maiwe, anthu amayenda pagalimoto pang'onopang'ono akujambula.

AGOGO: Maekala 170. Anadzalamo chiyani chodya?

MDZUKULU: Ndi munda wongoona.

AGOGO: Mwini wake ali bwinobwino?

MDZUKULU: Anali munthu wokonda zachilengedwe, Edward McIlhenny, mwana wa woyambitsa uja. Nthawi imeneyo akakowa a kumeneko ankatha, anthu ankawapha kuti nthenga zake azikongoletsera zipewa za azimayi. Iye mu 1895 analera tiana ta kakowa tochepa chabe, n'kutimasula. Chaka chotsatira tinabwerera, ndipo lero amabwera miyandamiyanda kudzaswa pamenepo. Anthu amalipira kuti awaone.

AGOGO: Kakowa? Yemweyu amalondola ng'ombe kudambo kutola nkhupakupa?

MDZUKULU: Achibale ake.

AGOGO: Ndiye abusa a ng'ombe a kwa Ngabu ndi anthu olemera, kungoti sanauzidwe.

MDZUKULU: M'munda muja mulinso nyama zonga ng'ona, amazitcha alligator. Zimaothera dzuwa m'mbali mwa msewu, alendo n'kumajambula.

AGOGO: (asiya kutong'ola) Apo ndiye usaseke. Ng'ona si chinthu chojambula. Kuno mayi akapita kukatunga ku Shire timawerenga nthawi, akachedwa mitima imakhala m'mwamba. Mudzi uno ulipo ndi anthu oyenda ndi mkono umodzi, ena sitinawaike n'komwe m'manda, tinangolira pagombe. Mlendo wako akadzati aone ng'ona pafupi, udzamuperekeze wekha. Ine ndidzatsala ndi chikwama chake.

MDZUKULU: Ng'ona azikazionera m'boti, ndi anthu odziwa. Tamverani ulendo wonse mmene ndaukonzera. (atsegula laputopu) Tsiku loyamba anyamuka ku Blantyre kupita ku Thyolo, kukalawa tiyi. Ndikalemba kalata kwa eni fakitale ya tsabola kuwapempha ngati angalole alendo kuona kapangidwe kake. Tsiku lachiwiri atsika chitunda cha Chikwawa, aima pamwamba paja kujambula Shire akukhotakhota m'chigwa, awoloka pa Kamuzu Bridge kupita ku Majete. Paja njovu kumeneko zinatheratu pofika 1992, koma chibwerereni a African Parks mu 2003 anabwezeretsa zipembere, njovu, kenaka mikango mu 2012. Aonanso mathithi a Kapichira, pomwe sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859.

AGOGO: Ameneyo ndiye anali mlendo wako woyamba?

MDZUKULU: Tingatero. Ndi amene anatcha dambo lathu lija kuti Elephant Marsh, ataona njovu mazanamazana. Mu 2017 dambolo linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse.

AGOGO: Nanga anzake omutsatira aja anathera kuti?

MDZUKULU: Ena anamwalira ndi malungo. Bishopu Mackenzie anamwalira mu 1862 kufupi ndi Chiromo, komwe Ruo amathira mu Shire.

AGOGO: Ehe. Ulembe pakanthu kakoko kuti aliyense abwere ndi neti yake. Ine ndili nayo imodzi, ndipo inayo ndinatchingira nkhuku pa nazale ya tsabola.

MDZUKULU: Tsiku lachitatu ndiye lanu. Afika kuno, muwatengera kudimba, aona tsabola ali m'mitengo, abwerera pano muwasinjira mumtondo, alawa, agula. Jungle Gardens yathu ndi dimba lanu.

AGOGO: Dimba langa lili ndi mbatata, nyemba, maungu, chimanga ndi mphondero za mvuu. Usiku wathawu yadya mizere inayi. Maluwa mulibe, kupatula a maungu, ndipo amenewo ndimathyolera ndiwo.

MDZUKULU: N'zimene akufuna, zachilengedwe. Ine ndizidzawafotokozera za sayansi. Mwachitsanzo, kodi mukudziwa kuti ukali wa tsabola umayezedwa?

AGOGO: Umayezedwa ndi mamina. Akatuluka mphuno imodzi ndi wa ana. Zonse ziwiri ndi wabwino.

MDZUKULU: Pali muyeso weniweni. Anaupeza katswiri wa zamankhwala, Wilbur Scoville, mu 1912. Ankasakaniza tsabola ndi madzi a shuga, n'kumawonjezera madziwo mpaka olawa atanena kuti sakumvanso kuwawa. Madzi akachuluka ndiye kuti tsabolayo ndi waukali. Tabasco uja amafika pakati pa 2,500 ndi 5,000. Kapiripiri wathuyu amapitirira 50,000, wina mpaka kudutsa 100,000.

AGOGO: Ndiye kuti wa azunguwo, ndi migolo yawo, ndi kamtengo kawo, ndi zaka zitatu, akuchepera kakhumi kwa uyu wamera kuseri kwa bafayu?

MDZUKULU: Kakhumi kapena kuposa.

AGOGO: Bambo ameneyo akanayeza wanga akanamaliza shuga yense wa ku Nchalo.

MDZUKULU: N'chifukwa chake kapiripiri wa kuno amafunidwa kunja. Malo odyera nkhuku aja a Nando's, omwe anayamba ku Johannesburg mu 1987 ndipo lero ali mpaka ku London, amagula tsabola wawo kwa alimi a m'Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Chodabwitsa n'chakuti tsabolayu kwawo si kuno. Anachokera ku America komweko, cha ku Mexico ndi kumwera kwake. Anabwera ndi zombo za Apwitikizi zaka za m'ma 1500 zitayamba, n'kufalikira kuchokera kugombe la nyanja.

AGOGO: Nkhabe! Pamenepo ndiye wanama. Tsabola ndi wathu. Agogo anga ankadya, agogo awo ankadya.

MDZUKULU: Chimanga mukutong'olachi chinachokeranso komweko. Chinangwa, mbatata, mtedza, zonsezo.

AGOGO: Tsono makolo ankadya chiyani? Mphepo?

MDZUKULU: Mapira ndi mchewere.

AGOGO: (aganiza pang'ono) Mapira ndi mchewere ndikuvomera, ndiwo sakhumudwitsa chigwa chino mvula ikathawa. Koma tsabola wa kuseri kwa bafa uja sanabwere ndi Mpwitikizi. Ndinamuona ndi maso anga amene anabwera naye. Ndi pumbwa. Amadya tsabola kudimba, n'kudzakhala pampanda paja, n'kusiya katundu wake. Mvula ikagwa wamera.

MDZUKULU: Zimenezonso sayansi inafotokoza. Chimene chimawawa mu tsabola ndi mankhwala otchedwa capsaicin. Amanamiza minyewa ya m'kamwa kuti mwapsa ndi moto, pamene simunapse. Mbalame minyewa yake siimva zimenezo, ndiye zimangomeza n'kukafesa njere kutali. Koma nyama zoyamwitsa zimamva. Njovu ndiye imadana naye kwambiri. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe alimi amasakaniza tsabola ndi ndowe za njovu, kuumba njerwa, kuyanika, n'kumafukiza m'mbali mwa munda usiku. Ena amapaka tsabola ndi oyilo wakutha pazingwe n'kuzunguliza munda.

AGOGO: Nanga mvuu?

MDZUKULU: Za mvuu sizinabwere pamayeso.

AGOGO: Chinthu chimodzi chokha chimene chikanandithandiza. (aitana kukhitchini) Iwe mwana! Tatenga nsupa ili kudenga pamwamba pa moto, ndi kamtondo, ndi mlamba watsala uja. Ndimu ali m'lichero. Alendo ako ndisanawalandire ndiyambe ndayesa pa iwe.

MDZUKULU: Ine tsabola ndimadya, agogo. Ku hositelo botolo ngati ili ndinkamaliza sabata imodzi.

AGOGO: Pyadidi. Uyu ndinamuyanika chilimwe chija namondwe wa Freddy asanabwere. Madzi aja analowa usiku, anatenga nkhuku, mphasa, thumba la mapira, ndi buku langa la kuchipatala lomwe. Tinakakhala kusukulu milungu ingapo. Pobwera ndinapeza matope mpaka m'mawondo, koma nsupa ili lende kudenga, youma gwa. Ndiye ndi wakale ndithu, wa mwambi wako uja. Taona, ndikuponyamo zisanu zokha. Mchere pang'ono. Usinje mozungulira, osati kumenya, angakudumphire m'maso. Ukamva kuti wayamba kukanda pammero ndiye wafika. Kenaka ndimu, theka. Eya. Nyema mlamba apo, usunse.

MDZUKULU: Fungo lake labwino. (adya) Mmm. Ayi, ali bwino, koma sakufika pa... (akhala chete)

AGOGO: Sakufika pati?

MDZUKULU: Sss... haa. Agogo. Madzi.

AGOGO: Wati ali pa nambala chani? 50,000?

MDZUKULU: Madzi, chonde! Ayi, dikirani, madzi ayi, madzi sathandiza, capsaicin sasungunuka m'madzi... sss... mkaka! Pakufunika mkaka!

AGOGO: Mkaka ndiutenga kuti, mbuzi zinapita ku Mzuzu?

MDZUKULU: Agogo, makutu akulira!

AGOGO: Usapukute m'maso ndi dzanja limenelo, chitsiru! Gwira nzimbe iyi, tafuna. Si unati bambo uja ankazimitsa ndi madzi a shuga? Tafuna mpaka olawa anene kuti sakumvanso. Mphuno zonse ziwiri zatseguka, ndiye kuti ndi wabwino. Tsono ndiuze, azungu akowo adzalipira kuti achite zimene ukuchitazi?

MDZUKULU: (akutafuna) Adzalipira... sss... ena amachita kupikisana, n'kumajambulana akulira.

AGOGO: Kulipira kuti alire. Ife kuno timalira ulere chaka ndi chaka. Chabwino, bizinesiyo ndayimva tsopano, ndipo ndaikonda. Tseka kanthu kakoko umvere. Choyamba, mwezi uno asabwere. Dzuwa la Okutobala limagwetsa ndi ife obadwira konkuno. Januwale mpaka Malichi asabwerenso, pokhapokha ngati amadziwa kusambira, chifukwa mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo ikakwiya msewu wa Thabwa umaduka. Abwere Juni, Julaye, madzi ataphwa, kudimba kuli biriwiri.

MDZUKULU: Zimenezo ndinaziganizira kale, nyengo yake ndi yomweyo.

AGOGO: Nanga chimbudzi unachiganizira? Changa chitseko chake ndi thumba la feteleza. Umange china, cha simenti, ndipo kiyi azikhala ndi ine.

MDZUKULU: Ndilemba.

AGOGO: Ndipo asadzangoyang'ana. Iwe wati akufuna kudziwa komwe tsabola amachokera. Amachokera m'chiuno umu. Kapiripiri kubzala sikuvuta, ntchito ili pothyola. Timbewu take n'tating'ono, umatola kamodzikamodzi, wofiira yekha, wobiriwira kumusiya, utawerama kuyambira m'mawa. Dzuwa likafika paliwombo ukayang'ana m'dengu, pansi pakuonekabe. Zala zimayaka mpaka usiku. Ukaiwala n'kukanda m'diso, waona zakuda. Amuna ndiye amaiwala popita kukataya madzi, umangomva munthu akukuwa kuseri kwa bango ngati wakumana ndi ng'ona. Ukamaliza uyanike pamphasa masiku angapo, usankhe wothimbirira, ndiye abwere venda ndi sikelo yake yomwe imadziwa kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ndalama ya thumba lonse n'kukagula timabotolo tingati ngati aka? Alendo ako aliyense ndidzamupatsa kadengu ndi mzere wake.

MDZUKULU: Agogo, mlendo sagwiritsidwa ganyu.

AGOGO: Ganyu ndi yolipidwa. Awa adzalipira okha, si ganyu imeneyo. Wanena wekha kuti ku Thyolo unalipira kuti ulowe m'munda.

MDZUKULU: Komatu... kunena zoona, zimenezo zimachitika. Kuli alendo amene amakonda kugwira nawo ntchito ya kumunda.

AGOGO: Ukuona? Digiri ndikanaitenga ine. Wofuna kamtengo kofiira ndidzamusemera, koma kameneko n'kogula padera. Wodzaza kadengu adzasinja yekha, adzalawa, adzalira, ndipo nzimbe yozimitsira ndidzagulitsa pamtengo wa mlendo. Tsabola amene wathyolayo akafuna kupita naye kwawo, agule.

MDZUKULU: Agule tsabola wothyola yekha?

AGOGO: Mtengo ndi wake? Ndipo wokonda nyama zakutchire adzagone kudimba pa nsanja, ndi chitini ndi kamtengo, azidzaimba mvuu ikabwera. Adzaiona pafupi kuposa ku Majete. Ine ndidzagoneko tulo kamodzi.

MDZUKULU: Imeneyo ndiye ayi, boma lingatitsekere. Koma zinazo ndalemba. Tsono pa kagawidwe, ndinaganiza kuti inu monga mwini dimba muzilandira 20 peresenti, chifukwa ine ndili ndi galimoto yobwereka, mafuta, kutsatsa pa intaneti...

AGOGO: Peresenti sindidya ine. Pa alendo khumi, anga ndi angati?

MDZUKULU: Awiri.

AGOGO: Dimba langa, tsabola wanga, mtondo wanga, nkhani ya amayi anga, msana wanga, ndipo asanu ndi atatu ndi ako chifukwa wawasonyeza njira? Njira ya ku Livunzu wakabaza aliyense amaidziwa. Venda uja bola, amabera pa sikelo koma sanditcha agogo. Theka ndi theka. Ukakana ndikauza mdzukulu wa anzanga a kutsidyaku, nayenso ali ndi laputopu.

MDZUKULU: Chabwino, tikambirana. Tangoimani kaye pomwepo ndi mtondowo, mugwire munsi chonchi, ndikujambuleni chithunzi choika pa Facebook. Anthu akaone kuti malowo alipodi.

AGOGO: Ku Satemwa unalipira usanalowe kapena utatuluka?

MDZUKULU: Tisanalowe.

AGOGO: Iwe walowa kale, wamva mbiri ya mchere, walawa, walira, watafuna nzimbe. Chithunzi ndiye chachisanu ndi chimodzi. Zonse pamodzi K5,000, poti ndiwe mwamuna wanga.

MDZUKULU: Agogo, ine mdzukulu wanu! Komanso ndalama ndilibe m'thumba, yotsala ndinalipira kabaza. Zonse zili mufoni.

AGOGO: (amasula mfundo ya chitenje, atulutsa kafoni ka mabatani) Mpamba kapena Airtel Money? Ndili ndi zonse ziwiri. Ndipo uikepo ndi yotapira, ejenti wa pamsika paja sachita chibale.